Mwendo wa Amalume Yotamu

Mwezi uno chatha chaka chiwaikire m'manda amalume anga, a Yotamu Mbewe. Abale atasonkhana ku Kadoma kukaika mwala pamanda awo anandipempha kuti ndiyankhulepo mawu awiri, koma ndinakana. Ena ankayesa kuti chandiletsa ndi chisoni, pamene ine ndinali ndidakali ndi mkwiyo, ndipo pamanda sayankhulirapo munthu wokwiya. Amalume anapita ndi miyendo yawo yonse iwiri, ndipo chinawapha n'chimenecho. Madokotala anawauza mosapsatira kuti mwendo wamanzere uchoke m'munsi mwa bondo kuti moyo utsale. Iwo anakana. Tinachonderera mpaka malovu kuuma m'kamwa, iwo osatekeseka. Ndiye ndati zimene ndinalephera kunena pamanda paja ndizilembe, mwina mtima ungakhale pansi.

Anali mlongo wa mayi anga, wamkulu kwa iwo. Anabadwira m'komboni ya mgodi wa golide kufupi ndi Chakari, kwa makolo amene anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland. Kumudzi kwa makolo awoko sanapondeko chibadwire, koma ankakutchula ngati anachokako dzulo. Pansi sankalowa. Ntchito yawo inali m'nyumba ya nyali, pakamwa penipeni pa mgodi, momwe olowa pansi ankatengamo nyali polowa ndi kubweza potuluka. Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa mtima wapachala. Akakwiya pang'ono ankakalipa m'Chichewa, akakwiya kwambiri ankatulutsa Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha kumgodi, ndipo ana tinkabalalika tisanamve n'komwe kuti akuti chiyani. Ine sankanditchula dzina, ankangoti Nabanda. Ana anga akawayankha m'Chishona kuti "Ehe, sekuru," m'malo mwa "Inde, agogo," iwo ankanditong'olera maso ine, ngati ndine ndinawabisira chilankhulo.

Munthu wosayamika sankamufuna n'komwe pakhomo pawo. Ankati zikomo wapakamwa satenga nthawi kuuma, woyamika weniweni amaoneka ndi thukuta. Ukawabwereka njinga n'kubweza osaipukuta, unkadziwa kuti chaka chimenecho uyenda wapansi. Anakhalapo miyezi osayankhulana ndi mng'ono wawo chifukwa mng'onoyo anadya pamaliro ena n'kuchoka osakatsanzika amayi amene anaphika.

Koma chimene aliyense wowadziwa amakumbuka ndi mwendo uja. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde, kupinda buluku mpaka m'bondo, n'kumaupaka mafuta pang'onopang'ono. Chipsera chinayambira mu akakolo kufika pakatumba, chonyezimira, chokokana ngati chikopa cha ng'oma. Nsapato ankayamba kuvala ya kumanzere, ndipo m'basi ankakhala moti mwendowo usapondedwe, ngakhale zikanatanthauza kukangana ndi kondakitala ulendo wonse. Akazi awo, azakhali anga a Naphiri, ankanena moseka kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu anali mwendo.

Nkhani ya chipseracho tonse tinkaidziwa, chifukwa sankatopa kuifotokoza. Kuseri kwa komboni kunali mulu wa phulusa lochokera ku boyila, ng'anjo yaikulu ya mgodi. Pamwamba linkaoneka lozizira, koma pansi pake moto unkagona masiku ambiri. Yotamu ali kamwana, asanayambe n'komwe sukulu, anathamangira mpira wansanza umene unagwera pamuluwo, mwendo n'kutitimira mpaka m'bondo. Makolo anayesa mankhwala akumudzi, bala linangoipiraipira mpaka kuyamba kununkha. Bambo awo anawakweza panjinga kupita nawo ku kachipatala ka ku Hartley, komwe lero timati Chegutu. Dokotala ataona anati palibenso chochita, mwendo uchoke.

Pachipatalapo panali namwino wachitsikana, Mshona, amene aliyense anadzamudziwa kuti Sisita Shumba. Iyeyo anapempha dokotala kuti adikire sabata imodzi. Dokotalayo sanali munthu woipa. Anangonena zoona, kuti bala lotero limafuna kutsukidwa m'mawa ndi madzulo, ndipo manja pachipatalapo anali ochepa. Namwinoyo anati ake alipo. Ankawiritsa madzi, kuthiramo mchere, n'kumatsuka balalo, mwana akulira m'chilankhulo chimene iye sankachimva. Sabata itatha anapempha ina. Itatha iyo anapemphanso ina. Mvula inayamba, inadzatha, ndipo Yotamu anatuluka m'chipatala akuyenda yekha. Akafika pamenepa amalume ankanena kuti mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe anauona ndi maso mwa munthu amene sanaumvepo.

Atakula n'kuyamba ntchito anamufunafuna mayiyo mpaka kumupeza, ndipo Khirisimasi iliyonse ankakwera basi ya ku Chegutu atakwapatira nkhuku. Koma zinkawapweteka mtima kuti Sisita ankangolandira, kuitana mwana kuti aiphe, n'kuwaphikira iwo omwe ndi sadza, nsima ya kuno. "Nkhuku ndimapita nayo m'khwapa, ndimabwera nayo m'mimba," ankadandaula choncho. "Ndiye ndathokoza chiyani pamenepa?"

Mwayi umene ankaufuna unabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Denga la chipinda chogonamo ana pachipatala chija linali litayamba kudontha, mabulangete ali osakwanira. Anthu a ku Kadoma ndi ku Chegutu anakonza mpikisano wothamanga mtunda wautali, umene achinyamata ankautcha marathoni, kuchokera ku Kadoma kukathera pachipata cha chipatalacho ku Chegutu. Wothamanga aliyense ankapeza anthu olonjeza kuperekapo kanthu iye akamaliza. Amalume anali atapitirira zaka makumi asanu, ndipo kuthamanga kumene tinkakudziwa kwa iwo kunali kothamangira basi. Analembetsa asanauze ngakhale akazi awo.

Tsiku loyamba kuyeserera ndi limene komboni yonse sinaliiwale. Ataweruka madzulo anavala kabudula, natuluka m'nyumba ya nyali ali liwiro kulunjika kunyumba. Zimene mwana aliyense wa pamgodi amadziwa, iwo anaziiwala. Pamgodi munthu wamkulu sathamanga kuchokera pakamwa pa mgodi kulowera kunyumba za anthu pokhapokha pansi pagwa ngozi. Tsono uyu sanali munthu wamba, anali wa nyali, yemwe amayamba kudziwa kuti nyali ya uje sinabwerere. Amayi amene anali pampopi atawaona anataya ndowa. Mfuu inayambira pamenepo n'kufalikira mzere ndi mzere wa nyumba, ena akutuluka opanda mipango, ena atanyamula ana chadodolido.

Mayi Zimba, amene amuna awo anatsalira pansi zaka za m'mbuyomo, ndipo tsikulo mwana wawo wamwamuna anali pansi pomwepo, anawatchingira njira n'kuwagwira malaya.

"Ndani? A Mbewe, nenani, ndani?"

Amalume anali wefuwefu, mawu osatuluka. Anangotukula dzanja, ndipo mayiwo anaona ngati akuwalozera iwo. Mayiwo anagwa pansi pomwepo.

Akuluakulu a sosaite ya maliro ya m'komboni anaitanitsa amalume. Wapampando, a Kamanga, sanazungulire.

"A Mbewe, mwakula nafe pano. Mwendo wanu tikuudziwa, nkhani yake tatopa nayo. Koma mukufuna kuthokoza mayi mmodzi wa ku Chegutu popha amayi onse a m'komboni muno?"

Tonse tinkadikira Chilapalapa. Sichinabwere. Ndi tsiku lokhalo limene ndikudziwa kuti amalume anadzudzulidwa pagulu n'kukhala chete. Anachoka pamenepo kupita kwa Mayi Zimba, kukagwada pakhomo n'kuomba m'manja. Mayiwo anawasiya agwade nthawi ndithu, kenako anati, "Thamangani, achimwene, koma muzikathamangira kutali." Kuyambira tsikulo ankatuluka m'komboni akuyenda mwaulemu, manja kumbuyo ngati munthu woyendera munda, mpaka kupitirira mabulugamu a kumsewu. Akabisika ndi pamene ankayamba kuthamanga, ndipo pobwera ankaima pomwepo kudikira kuti mpweya ubwerere asanalowe pakati pa nyumba. Pamene azakhali ankayenda khomo ndi khomo kupempha malonjezo, poti eni ake ankati kupempha sakutha, Mayi Zimba anatulutsa bulangete latsopano limene ankasungira alendo.

Tsiku la mpikisano ine ndinali ku Chegutu, komwe ndinali nditayamba kumene uphunzitsi. Amalume anandituma kuti ndikatenge Sisita kunyumba kwa mwana wawo. Sisitayo anali atapuma ntchito kalekale, msana utapindika, manja akunjenjemera. Tinawaikira mpando pamthunzi pafupi ndi chipata cha chipatala. Anyamata othamanga anayamba kufika dzuwa lisanatenthe, anthu akuimba nthungululu. Anafika a pakati, anafika otsalira, akuluakulu anayankhula, mphatso zinaperekedwa. Anthu anayamba kubalalika, matebulo akunyamulidwa, amalume osaoneka.

Kenako inafika lole imene inkatola otopa m'njira. Ndinathamangira kukasuzumira, munalibe. Dalaivala anandiuza m'Chishona kuti, "Kwasara mudhara mumwe chete, ari kuramba kukwira," kutanthauza kuti kwatsala mdala mmodzi yekha amene akukana kukwera. Anati anawaimira kangapo konse, koma mdalayo ankangopukusa mutu n'kunena kuti "Aikona," osaima n'komwe. Ndinauza Sisita kuti mwina tipite akapume, ndidzawabweretsa amalume kunyumba. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati mwana ameneyo anamudikirapo nyengo yonse ya mvula, masana amodzi sangawavute.

Amalume anatulukira dzuwa litapendeka. Munthu woyenda bwinobwino akanatha kuwapitirira, koma iwo sankayenda ayi, ankathamangabe, zigongono zili m'mwamba, mutu uli pansi, malole a thonje akuwaulutsira fumbi. Nsapato yawo yansalu ya kumanzere, zija tinkati matenesi, inali itafiira magazi. Pachipata tinatsala anthu ochepa: ine, Sisita, mlonda, ndi amayi angapo odikirira ana awo odwala. Ndinalira, sindibisa. Anafika pamaso pa Sisita, anayesa kugwada koma mawondo anakana, ndiye anangodzigwetsa pansi n'kuomba m'manja.

"Amayi, ndaubweretsa mwendo wanu. Mwauona? Wachoka ku Kadoma wokha."

Sisita anayang'ana nsapato ija. "Benzi iwe," anatero, ndiko kuti chitsiru. Anatembenukira kwa mlonda n'kumutuma beseni, madzi ofunda ndi mchere, ndi mawu a munthu amene sanaiwale kulamula pachipatalapo. Anawavula nsapatoyo okha. Chikhadabo chinali chitazuka, matuza ataphulika. Mayi wokalambayo anawerama pampando paja n'kuyamba kutsuka phazi lija, ndipo bambo amene komboni yonse inkamuopa analira mokweza ngati kamwana.

Atamanga balalo anawagwira pabondo n'kuwauza m'Chishona, ine ndikumva: "Mwendowu ngwako, Yotamu. Ine ndinangoutsuka."

Pokwera basi madzulo ake amalume anandiuza kuti, "Nabanda, ndinapita kukabweza, ndabwerako nditawonjezera." Denga lija linakonzedwa mvula isanagwe, ndipo bulangete la Mayi Zimba ndinaliona ndi maso anga litafunditsidwa mwana. Koma zimenezo amalume sankazitchula. Akamakamba za tsikulo ankangokamba za beseni.

Sisita anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo amalume anakumba nawo manda, Achishona akudabwa kuti Mnyasa ameneyu ndi mbale wa mbali iti. Cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1990 anapuma ntchito, nyumba ya mgodi anabweza, n'kukakhala mulokeshoni ku Kadoma. Kumeneko ndi kumene anawapeza ndi matenda a shuga. Kachilonda kanayamba pachala cha phazi lomwe lija, ndipo munthu amene ankaonetsa mwendo wake kwa aliyense wodutsa anayamba kuupaka mafuta m'chipinda, chitseko chili chotseka. Ankautsuka okha ndi madzi amchere. Azakhali anadziwa ndi fungo.

Kuchipatala dokotala wachinyamata anatifotokozera modekha, kawiri konse, kuti chilonda chalowa ndipo chikukwera. Abale onse atalephera, anatuma ine, poti amati ndine ndinatengera mtima wawo.

"Amalume, wakutsina khutu ndi mnansi. Lolani audule."

"Ungadule chinthu cha mwini?"

"Mwini wakeyo anakuuzani ine ndili pomwepo kuti ngwanu."

"Unali ulemu chabe umene uja."

"Ulemu wanji? Sisita anasunga mwendo kuti mwana akhale ndi moyo. Sanausunge kuti mwana adzafe n'cholinga choti mwendo ukhale. Akanakhalapo lero akanakutchulani dzina lija anakutchulani pachipata."

Anatembenukira kukhoma. "Aikona," anatero, motsitsa.

Ndinatuluka mwaukali. Azakhali ananditsatira pakhonde la chipatala n'kundigwira mkono. "Usawakalipire, mwanawe. Ukuyesa ndi kuyamika kokha? Ndagona nawo nyumba imodzi zaka zonsezi. Bambowa akuopa."

Sindinakhulupirire, chifukwa mantha ndi amalume sindinkawaika pamodzi. Koma nditabweranso Loweruka masana ndinawapeza atafooka, maso ali kudenga. Anandikodola kuti ndiyandikire.

"Nabanda, fungo la mankhwala ili ukulimva? Ndikangolimva ndimamuona dokotala uja ataima kumiyendo kwa bedi, akuyankhula ndi bambo, ine osamva Chizungu koma ndikuona dzanja lake likuchita chonchi pabondo langa." Anadula mpweya ndi chikhatho. "Nthawi ija analipo munthu wondipemphera sabata ina. Pano nonse mukungoti dulani, dulani."

Ndikanatha kuwanamiza kuti ndikawapemphera sabata ina kwa dokotala. Sindinatero. Ndinati, "Sabata ina kulibe, amalume." Zinali zoona, ndipo atati abwere lero ndingawauzenso zomwezo.

"Ndikudziwa," anatero, atandigwira dzanja. Sanalisiye mpaka nthawi yoona odwala itatha. Anamwalira m'kati mwa sabata yotsatira, m'mawa, azakhali akuwapukuta kumaso.

Mpaka pano sindidziwa kuti mwa ziwirizo chinakula n'chiti, kuyamika kapena mantha, ndipo mwina eni akewo sankadziwanso. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinkawakonda, ndipo anali ndi zidzukulu zimene zikanawakonda ndi mwendo umodzi chimodzimodzi.

Pali chinthu chimene sindinawauze, poti ndinkati ndidzawauza akadzatsitsimuka pambuyo pa opaleshoni. Ndinali wotsimikiza kuti pamapeto pake alola, moti masiku amene ankakanawo ine ndinali nditaitana kale kalipentala kunyumba kwanga ku Chegutu. Tinachotsa katundu m'chipinda cha kum'mawa, chimene chimalowa dzuwa. Kalipentalayo anatsitsa bedi kuti munthu azitha kukhalapo osakwera, ndipo anakhomera mtengo wa bulugamu m'khoma, kuchokera pabedi kukafika pakhomo, kenako m'kanjira mpaka kubafa, kuti azigwira pophunzira kuyenda. Anandifunsa msinkhu wa wodwalayo, ine n'kumuonetsa paphewa panga.

Chipindacho chili momwemo. Amuna anga anenapo kangapo kuti tizule mtengowo tiikemo mlendo wolipira, ine ndimangoti tiona. Ana akayanikapo mayunifolomu ndimachotsa. M'mawa ndimatsekula zenera, dzuwa limagwera pabedi lalifupi lija, loyalidwa bwino. Kalipentala anandiuza kuti ndisadandaule ndi kukhakhala kwa mtengowo, udzasalala wokha ndi dzanja la mwini wake. Dzulo ndinaugwira podutsa, unandibaya kachitsotso.